AKUFA AMENE AMADZA KUDZASUMA KU NYUMBA YA MFUMU

MU mzinda wa Miryang, kum'mwera kwa dziko la South Korea, muli kacisi wamng'ono amene anamangidwa pakati pa nsungwi, pa mtunda woyang'ana mtsinje. Eni dziko amamuchula kuti Aranggak, ndipo caka ndi caka amasonkhanapo kukumbukira namwali wina dzina lake Arang, amene amati anakhalako m'zaka za m'ma 1500.

Nthano yake imati Arang anali mwana wa bwanamkubwa wa boma la Miryang, munthu amene masiku amenewo anali wolamulira ndiponso woweruza milandu. Mai wake anamwalira iye akali wamng'ono, motero anakula m'manja mwa mlezi. Mlezi ameneyu analandira ciphuphu kwa wanchito wina wa pa boma amene anali kumukhumba namwaliyo, namutulutsa usiku ponamizira kukaona mwezi. Pamene Arang anakana zofuna za mwamunayo, anabayidwa ndi mpeni, mtembo wake nubisidwa m'nsungwi. Atate wake, poganiza kuti mwana wathawa ndi mwamuna, anatula udindo cifukwa ca manyazi nacoka mu mzindamo. Kuyambira pamenepo bwanamkubwa aliyense wotumizidwa ku Miryang anali kupezeka atafa m'mawa mwa tsiku lake loyamba, kufikira panalibenso wofuna udindowo.

Potsiriza panapezeka munthu wina wolimba mtima amene anadzipereka yekha. Usiku woyamba sanagone. Anayatsa nyali nakhala tsonga. Pakati pa usiku mphepo inakankha citseko, ndipo panalowa mkazi wa tsitsi lomasuka, zobvala zake ziri magazi okhaokha. Munthuyo sanakuwe kapena kuthawa, koma anamufunsa mlendoyo kuti anali yani ndipo anali kufunanji. Apa mpamene zinadziwika kuti mzimuwo sunaphepo munthu ndi mmodzi yemwe. Unali kudza kudzasuma mlandu, koma akuluakulu onse aja anali kufa ndi mantha usanatsegule pakamwa. Kutaca wakupha uja anagwidwa, mafupa a Arang anaikidwa m'manda mwa mwambo, ndipo mzimuwo sunaonekenso.

M'caka ca 2012 nyumba ya wailesi ya kanema ya MBC inatenga nthano imeneyi niisandutsa sewero la zigawo 20 lochedwa Arang and the Magistrate, m'mene Shin Min-a anasewera ngati mzimu woiwala m'mene unafera, pamene Lee Joon-gi anali bwanamkubwa wa maso oona akufa. Limeneli ndi limodzi cabe mwa masewero ambiri a mtundu uwu amene amapangidwa ku Korea, ndipo masiku ano amaonedwa kutali ndi kwao, pa wailesi za kanema ndi pa mafoni a m'manja. Ambiri mwa iwo amasimba za nthawi ya ufumu wa Joseon, umene unayamba m'caka ca 1392, ndipo banja lake lacifumu, la a Yi, linakhala pa mpando kufikira 1910 pamene Japan analanda dzikolo. Munthu wowaona koyamba amaona zoopsa zokha, ziwanda, magazi ndi mitembo yoyenda. Koma wopenyetsetsa sacedwa kuzindikira kuti kawirikawiri coipa ceniceni cimakhala ca moyo, cobvala nsaru za mtengo wapatali, cokhala m'nyumba ya mfumu, ndi kuti wakufayo ndi wodandaula amene bwalo la amoyo linakana kumumvera.

Mzimu wopanda woutsirira nsembe

Masewero otere sanayambe dzulo. Kucokera mu 1977 kufikira 1989 wailesi ya dziko ya KBS inali kuonetsa nthano za m'midzi pansi pa mutu wakuti Jeonseol-ui Gohyang, kutanthauza kwao kwa nthano, ndipo m'menemo ana a ku Korea anazolowera maonekedwe a mzimu wa kwao: mkazi wobvala zoyera kucokera kukhosi kufikira kumapazi, tsitsi lalitali litaphimba nkhope. Zonsezi ziri ndi tanthauzo. Ku Korea zoyera zinali zobvala za maliro, ndipo mkazi wolongosoka sanali kuoneka pagulu tsitsi liri lomasuka. Namwali anali kuliluka, pamene wokwatiwa anali kulimanga kumbuyo kwa mutu nalitseka ndi kamtengo kapena kacitsulo.

Banja liri lonse linali ndi udindo wopereka nsembe kwa makolo ake pa tsiku limene anamwalira, mwambo wochedwa jesa umene ambiri akali kuusunga. Amayala mpunga, msuzi, nyama, zipatso ndi mowa patsogolo pa dzina la malemu, ana ndi adzukulu nagwada. Udindo umenewu unali kugwera makamaka mwana wamwamuna woyamba. Tsono munthu wofa asanakwatire, wofa wopanda mwana, wofera ku nkhondo kapena m'njira, analibe womupatsa cakudya, ndipo anthu anali kukhulupirira kuti mzimu wake umayendayenda uli wanjala ndi wokwiya. Izi sizidzakhala zacilendo kwa awerengi amene amadziwa kusiyana kwa mzimu wa kholo, umene umakumbukidwa ndi mowa ndi ufa pa tsinde la msolo, ndi ciwanda ca munthu wofa ndi cakukhosi. A ku Korea cakukhosi cimeneci amaciti han, ndico cisoni cosakanizika ndi mkwiyo cimene cimatsalira mumtima mwa munthu wolakwiridwa amene sanapeze kokadandaula.

Boma la Joseon nalonso linali kuiopa mizimu yotere. Kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 1400 linakhazikitsa nsembe yochedwa yeoje, yoperekedwa pa maguwa a kunja kwa likulu ndi a m'maboma kwa akufa opanda owakumbukira, makamaka pa nthawi ya mliri, pakuti mliri unali kuyesedwa mkwiyo wao. Kwa amoyo kunalinso njira, koma yopapatiza. M'caka ca 1401 Mfumu Taejong anapacika ng'oma yaikulu yochedwa sinmungo pafupi ndi nyumba yacifumu kuti wolakwiridwa aziiomba. Ng'omayo inali ku likulu, ndipo munthu asanaikhudze anayenera kuyamba wadandaula kwa akuluakulu a m'dera lake, amene nthawi zambiri anali omwewo omulakwira. M'masiku a Mfumu Sejong panaikidwanso lamulo loletsa anthu wamba kusumira bwanamkubwa wao. Mlimi wa kutali, kapolo kapena mkazi wamasiye analibe pogwira kwenikweni, motero nthano zinamupatsa mwai umene lamulo linam'mana, wobwerera atafa kudzanena mau ake.

Mpando umodzi, ana ambiri

Cifukwa cimene mizimu ya m'masewero awa imakondera nyumba ya mfumu ciri m'kalowedwe ka ufumu. Pakati pa Acewa ufumu umalowedwa ndi mwana wa mlongo wa mfumu, ndipo akazi a mfumu alibe mbali yaikulu pa nkhaniyo. Ku Joseon, monga kwa Angoni, ufumu unali kutsika kucokera kwa atate kunka kwa mwana. Mfumu inali ndi mfumukazi imodzi ndi akazi ena aang'ono, ndipo mwana wamwamuna wa mfumukazi ndiye anali patsogolo. Banja limene mwana wao wamkazi wabala wolowa ufumu linali kutenga maudindo ndi minda, pamene banja logonja linali kupitikitsidwa, kulandidwa cuma kapena kuphedwa kumene. Mimba ya mkazi mmodzi inali nkhani ya moyo ndi imfa kwa anthu mazanamazana.

Olemba masewero safunika kupeka zambiri, pakuti mbiri yeniyeni iri nazo zokwanira. Danjong, mdzukulu wa Sejong, analowa ufumu m'caka ca 1452 ali ndi zaka zosakwana 12. Mu 1455 mng'ono wa atate wake anamulanda mpando nakhala Mfumu Sejo, ndipo nduna zimene zinayesa kumubwezera mnyamatayo zinaphedwa mwankhanza caka cotsatira. Mu 1457 Danjong anapitikitsidwira ku Yeongwol, dera la mapiri, ndipo komweko moyo wake unathera ali ndi zaka 16. Zolembedwa za m'masiku a Sejo zimati anadzimangirira yekha, koma za pambuyo pake zimati anaphedwa. Anthu anaopa kukhudza mtembo wake, kufikira kalaliki wina wa pa boma, Eom Heung-do, anautenga mwakabisira nakauika m'phiri. Nthano ya ku Yeongwol imafanana ndi ya Arang: imati abwanamkubwa angapo anafa motsatizana, mpaka wina anafunafuna mandawo napereka nsembe. Sejo anabvutika ndi nthenda ya pakhungu, ndipo anthu anali kunong'onezana kuti mai wa Danjong, amene anamwalira atangomubala, anamudzera m'maloto namuthira malobvu. Boma linacedwa kwambiri kubvomereza colakwaco, pakuti dzina la ufumu linabwezedwa kwa Danjong m'caka ca 1698, patapita zaka 241 cimwalirire.

Mfumu imene inacita zimenezo, Sukjong, inali ndi zake m'nyumba mwake. Mu 1689 inacotsa mfumukazi Inhyeon nikweza mkazi wamng'ono Jang Hui-bin, mu 1694 inabweza Inhyeon, ndipo pamene Inhyeon anamwalira mu 1701, Jang anaimbidwa mlandu womanga kacisi wacinsinsi ndi kuitana oombeza kuti amulodze mnzakeyo. Analamulidwa kudzipha caka comweco.

Yoopsa koposa ndi ya m'caka ca 1762. Sado, mwana wa Mfumu Yeongjo ndiponso woyembekeza ufumu, anali atasokonezeka mutu ndipo anali atapha anchito a m'nyumba yacifumu, monga momwe mkazi wake Hyegyeong analembera atakalamba. Kumuweruza ngati cigawenga kukanadetsanso mwana wake, amene anali ciyembekezo ca ufumuwo. Motero atate wake anamulamula kulowa m'bokosi lamatabwa losungiramo mpunga, bokosilo nilitsekedwa pabwalo m'nyengo yotentha. Sado anafa patapita masiku 8, ali ndi zaka 27. Mwana wake uja anaona ciyambi ca zonsezi ali wamng'ono, ndipo pambuyo pake anakhala Mfumu Jeongjo.

Mfumu yosanduka ndondoca

Sewero limene linachukitsa mtundu uwu pa dziko lonse ndi Kingdom, lolembedwa ndi mai Kim Eun-hee, limene kampani ya Netflix inayamba kuonetsa pa 25 January 2019. Zigawo 6 zoyamba zinatsatidwa ndi zina 6 mu March 2020, ndipo mu July 2021 kunatuluka cigawo capadera cochedwa Ashin of the North. Mfumu ndi nduna za m'seweroli ndi zopeka, koma nthawi yake ndi yeniyeni, zaka zocepa itatha nkhondo ya 1592 mpaka 1598 pamene asilikali a Japan anasakaza dzikolo. Pa nkhondo imeneyo Mfumu Seonjo anathawa mu likulu la Hanyang, limene lero ndi Seoul, nasiya anthu ake m'manja mwa adani. Nyumba yacifumu ya Gyeongbokgung inapsa nikhala bwinja kufikira m'ma 1860, minda inagonera, ndipo njala inapha amene lupanga linawasiya.

M'seweroli mfumu yadwala nthomba nimwalira. Mwana wake yekhayo, Lee Chang, ndi wa mkazi wamng'ono, pamene mfumukazi, amene akali mtsikana ndithu, akuti ali ndi pakati. Atate wa mfumukaziyo, nduna yaikulu Cho Hak-ju, akudziwa kuti maliro akalengezedwa mwana asanabadwe, ufumu upita kwa Lee Chang ndipo banja lao litha mphamvu. Motero akuitana sing'anga amene akuutsa mtembowo ndi mankhwala a duwa lina lomera m'malo ozizira. Cimene cikuuka ndi cilombo cosalankhula, cosazindikira munthu, cofuna nyama ya anthu yokha. Akucimanga ndi unyolo kuseri kwa nsaru zochinga ciri cibvalire zobvala zacifumu, ndipo kunja akulengeza kuti mfumu ikudwala koma ikali kulamulira. Anchito amene cawagwira akumizidwa usiku m'dziwe la m'munda wa nyumba yacifumu. M'midzi ya kuno munthu woutsidwa kwa akufa kuti azigwirira nchito wina amachedwa ndondoca. Mu Kingdom ndondoca ndi mfumu imene, ndipo mwini wake ndi mpongozi wake.

Njira imene mliri ukutulukira m'nyumba yacifumu ndiyo mtima wa nkhani yonse. Mnyamata wothandiza sing'anga uja waphedwa ndi mfumu, ndipo mtembo wake watengedwa kunka ku kacipatala ka osauka ku Dongnae, kumene lero ndi mbali ya mzinda wa Busan. Kumeneko odwala akutha ndi njala koposa matenda. Mlenje wina, poona kuti palibenso codya, akuphika mtembowo mwakabisira nawapatsa msuzi ponena kuti ndi nyama ya gwape. Usiku womwewo onse amene adya akusanduka. Wolembayo wanena poyera kuti nkhani yake ndi ya njala, ndipo m'seweroli njala iri pawiri, ya osauka ofuna codya ndi ya akuluakulu ofuna mpando. Munthu amene anaona nkhokwe zopanda kanthu m'cilala ca 1992 kapena ca 2024 adzabvutika kumuweruza mlenje uja, ngakhale cimene anacita ndi conyansa.

Zocita za olemera pamene mliri wafika nazo ndi zosaiwalika. Akukana kuti mitembo ya abale ao itenthedwe, ponena kuti thupi la munthu wa banja lomveka silingatenthedwe ngati la mlimi. Akukwera ngalawa imene yatsala nathawa, anthu wamba ali kulira pa doko. Koma mai wina wolemera wabisa mtembo wa mwana wake m'bokosi m'ngalawa momwemo, ndipo dzuwa litalowa ngalawayo ikusanduka manda. Ku likulu nduna zikulamula kutseka zipata za m'mapiri kuti cigawo conse ca kum'mwera cifere cokha. Pambuyo pake cinsinsi ca mfumukazi cikuululika: mimba palibe, koma wasonkhanitsa akazi osauka apakati m'nyumba ina ponamizira cifundo, kudikira amene adzabale mwana wamwamuna kuti amulande, ndipo obala ana aakazi akuphedwa pamodzi ndi makanda ao.

Pakati pa zonsezi munthu wa nzeru koposa ndi Seo-bi, namwino wa pa kacipatala kaja, amene anaseweredwa ndi Bae Doona. Iye salira ufiti. Akupenyetsetsa, akuyesa, akulemba zimene waona, mpaka akupeza kuti m'duwa lija muli timphutsi, kuti zilombozo zimagona cifukwa ca kutentha osati kuwala kwa dzuwa monga onse anali kuganizira, ndi kuti madzi amatulutsa timphutsito mwa munthu wolumidwa kumene. Pamenepa wolembayo anacita bwino, pakuti nzeru yopulumutsa dziko anaipereka kwa mkazi wamba amene nduna sizikanamulola ngakhale kulankhula pamaso pao. Makolo ayenera kudziwa kuti seweroli liri ndi magazi ambiri ndipo si loonera pamodzi ndi ana.

Sewero lina la posacedwapa, The Haunted Palace, limene wailesi ya SBS inaonetsa m'zigawo 16 kucokera mu April kufikira June 2025, linabwerera ku mizimu yeniyeni ndipo linasakaniza zoopsa ndi nthabwala ndi cikondi. Yeo-ri, mdzukulu wa woombeza wochuka, wakana nchito ya agogo ake nakhala wopanga magalasi a maso, koma akuitanidwa ku nyumba yacifumu kumene ciwanda cacitali modabwitsa cagwira mwana wa mfumu. Womuthandiza ndi imugi, cinjoka ca m'nthano za ku Korea cimene cinalephera kukwera kumwamba, ndipo tsopano calowa m'thupi la mnyamata amene Yeo-ri anali kumukonda. Pamene gwero la ciwandaco lipezeka, likupezeka m'colakwa ca mfumu ina yakale ya m'banja lomwelo, imene inatayitsa miyoyo ya anthu osacimwa. Pali cina coona m'seweroli: boma la Joseon linali kunyoza oombeza aakazi, ochedwa mudang, linawaika m'gulu la anthu otsika ndi kuwapitikitsa m'likulu, koma akazi a m'nyumba yacifumu sanaleke kuwaitana mwamseri zinthu zikathina.

Sewero limene linaletsedwa

Anthu a ku Korea amalola kuti mfumu yopeka isanduke cilombo, koma mafumu ao enieni sawalola kuseweredwa mwacisawawa. Pa 22 March 2021 SBS inayamba kuonetsa Joseon Exorcist, sewero limene linakonzedwa kukhala ndi zigawo 16. M'cigawo coyamba Mfumu Taejong anaonetsedwa akupha anthu a m'mudzi osalakwa atazunguzidwa ndi mizimu, ndipo mwana wake, amene pambuyo pake anakhala Mfumu Sejong, anaonetsedwa akucereza wansembe wacizungu ndi zakudya za ku China m'nyumba yokongoletsedwa mwa Cichaina. Sejong ndiye anayambitsa zilembo zimene a ku Korea amalembera cilankhulo cao, ndipo nkhope yake iri pa ndalama yao. Anthu anakwiya, mbadwa za banja lacifumu zinadandaula, makampani anacotsa malonda ao motsatizana, ndipo pa 26 March wailesiyo inalengeza kuti seweroli latha. Zigawo ziwiri zokha ndizo zinaonetsedwa, ngakhale kuti zambiri zinali zitajambulidwa kale.

Oonererawo anali ndi poyambira mkangano, pakuti mafumu a Joseon anasiya mbiri yolembedwa tsiku ndi tsiku. Alembi a boma anali kutsata mfumu kuli konse nalemba zonena ndi zocita zake, ndipo mwambo sunali kuilola mfumu kuwerenga zolembedwa za ulamuliro wake. Mabuku amenewa alipo 1,893, akusimba za mafumu 25 m'zaka 472, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wake wa zolembedwa zofunika m'caka ca 1997. M'menemo muli nkhani ya Taejong yemweyo. M'caka ca 1404 ali ku uzimba anagwa pa kavalo, ndipo atayang'ana uku ndi uku anauza omuperekeza kuti mlembi asadziwe. Mlembi analemba za kugwako, nalembanso kuti mfumu inalamula kuti iye asauzidwe.